Funsani za Maso: Ng'ala ndi magetsi othobwa m'maso

Makalata ambiri amene andipeza mwezi uno ndi okhudza ng'ala, koma olemba ake sakudandaula za khungu lenileni. Akunena za kuwala kowawa m'maso, za chifunga, za zinthu zimene zimasowa pamaso dzuwa likapendeka. Odwala ambiri sazitchula zimenezi m'chipinda choyezera maso poganiza kuti n'zazing'ono, chonsecho ndi zimene zimauza dokotala zambiri. Mayina ndawachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Adokotala, ndine dalaivala wa minibasi, ndili ndi zaka 59, ndimayenda pakati pa Lilongwe ndi Kasungu. Masana ndimaona bwinobwino. Koma kukangoda, galimoto ikamabwera kutsogolo magetsi ake amandithobwa mpaka msewu wonse umasowa, ndimangoyendera mzere wa m'mbali. Akabaza ndi oyenda pansi ndimawazindikira atafika kale pafupi. Dzuwa likamalowa ndiye zimachita kunyanya. Kuchipatala ndinawerenga zilembo za pakhoma mpaka pafupi ndi mzere wotsiriza, koma anandiuza kuti ng'ala yayamba m'maso onse awiri. Anzanga pa depoti akuti ndidikire ikhwime kaye. Kodi munthu woti akuwerenga zilembo bwinobwino opaleshoni ingamuthandize chiyani?
Dalaivala, Lilongwe

YANKHO: Bambo, ndiyambe ndi chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu. Mukunyamula anthu usiku msewu utakusowani. Chonde, mpaka maso anu atathandizidwa, gwirani ntchito masana okha. Ndikudziwa kuti ulendo wa madzulo ndi umene umakwaniritsa ndalama za abwana, ndipo sindikulankhula mopepusa. Koma mu M1 usiku mumayenda anthu apanjinga opanda nyali, atavala zakuda, ena atapingasa matumba a makala. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, mukachedwa kumuona munthu ndi masekondi awiri okha, galimoto imakhala itadya kale mamita oposa 40.

Tsopano za zilembo zija. Tchati chimene munawerengacho anachiyambitsa ndi dokotala wa ku Netherlands, Herman Snellen, mu 1862, ndipo chimayeza chinthu chimodzi: kachilembo kochepetsetsa kamene diso lingakaone. Zilembozo n'zakuda bii papepala loyera mbee, m'chipinda chowala bwino, popanda nyali yokuunikani kumaso. Pamsewu sipakhala zoterozo. Pamakhala munthu wa jekete yotuwa akuyenda pa phula lotuwa, mbuzi itaima m'mbali chakumadzulo, dzenje lodzaza madzi a mvula. Kuti muzione zimenezi, diso liyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene kuwala kwake kukungosiyana pang'ono. Mphamvu imeneyi ndi ina, ndipo kawirikawiri ng'ala imayamba kudya iyoyo munthu akadawerengabe mzere wa 6/9, wa tizilembo tating'ono chakumunsi kwa tchaticho. Chilipo tchati china cha Pelli-Robson, cha mu 1988, chimene zilembo zake zonse n'zazikulu mofanana koma zimanka zifwifwa mpaka kutsala pang'ono kusowa. Anthu a ng'ala amagonja msanga pa tchati chimenechi. Si chipinda chilichonse choyezera maso chimene chili nacho, n'chifukwa chake mawu anu ndi ofunika kwambiri. Zimene mwandilemberazi mukawauzenso a kuchipatala, osachotsapo kanthu.

Kumbuyo kwa mwana wa diso, kabowo kakuda kaja, kuli lenzi yobadwa nayo, ya pafupifupi sentimita imodzi. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kuti kukagwere pamalo amodzi pa retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso kamene kamatumiza zithunzi ku ubongo. Lenziyi inapangidwa ndi mapuloteni oyalana mwadongosolo, ndipo dongosololo ndi limene limachititsa kuti kuwala kudutse mosavuta. Zaka zikamapita mapuloteniwo amayamba kuundana timibulu, ndipo kuwala kukagunda timibuluto kumamwazikana m'diso monse. Inu mukudziwa bwino zimene zimachitika galasi lakutsogolo la minibasi likachita fumbi mu Okutobala. Mukaima pamthunzi kunja kumaoneka bwinobwino. Mukangoloza kumene dzuwa likulowera, galasi lonse limayera, msewu n'kusowa. Fumbilo silinachuluke, koma kuti kuwala kwalipeza. Ng'ala ikuchita zomwezo m'kati mwa diso lanu, ndipo n'chifukwa chake kusintha magalasi sikungathetse vutoli.

Ng'ala ya anthu akuluakulu ilipo ya mitundu itatu. Ina imayambira pakati pa lenzi, imakula pang'onopang'ono, n'kuisandutsa yachikasu kenako yofiirira. Agogo ena amakondwa kuti ayambanso kuwerenga Baibulo popanda magalasi, osadziwa kuti ndi ng'ala imeneyi yasintha mphamvu ya lenzi. Ina imayambira m'mphepete n'kumalowera pakati timizeremizere, ndipo imavuta usiku chifukwa mumdima mwana wa diso amatseguka kwambiri, kuwala n'kumadutsa m'mphepete momwemo. Yachitatu ndi kachigamba kakang'ono kumbuyo kwa lenzi, pakatikati penipeni. Kameneka kamazunza kuposa msinkhu wake: kuwala kukachuluka mwana wa diso amachepa, ndipo kuwala konse kumakakamizika kudutsa pakachigambapo. Kamakonda anthu a shuga ndi amene amwa nthawi yaitali mankhwala monga prednisolone, ndipo kamagwira ngakhale anthu osakalamba. Mmene mwafotokozeramu ndikuganizira mitundu iwiri yomalizayi, koma makina ounikira diso ndi amene anganene zoona. Mukayezetsenso shuga.

Za anzanu a pa depoti, malangizo awo anali oona pa nthawi yake. Kale dokotala ankachotsa lenzi yonse osaikamo ina, ndipo wodwala ankapatsidwa magalasi okhuthala kwambiri aja amene ena a ife tinawaona pa nkhope za agogo athu. Magalasiwo ankakulitsa zinthu ndi kupotoza za m'mbali, moti zinali zanzeru kudikira mpaka munthu atasiyiratu kuona. Zinayamba kusintha mu 1949 pa chipatala cha St Thomas' ku London, pamene dokotala Harold Ridley anaika lenzi yapulasitiki m'diso la munthu koyamba. Nzeruyi anaitenga kwa oyendetsa ndege a pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, amene tizidutswa ta pulasitiki ya mawindo a ndege tinawalowa m'maso koma maso sanatikane. Malenzi amenewa anakhala odula kwa zaka zambiri, mpaka m'ma 1990 pamene fakitale ya Aurolab ku Madurai, India, ndi ena a ku Nepal ndi ku Eritrea anayamba kuwapanga motchipa. Lero pa Queen Elizabeth ku Blantyre, pa Kamuzu Central, ku Mzuzu, ku Zomba ndi ku Nkhoma, wochitidwa opaleshoni ya ng'ala amaikidwa lenzi. Choncho funso la masiku ano ndi lakuti: kodi ng'alayi ikumulepheretsa munthu ntchito yake? Kwa mlimi amene amaweruka dzuwa lili pamutu, ng'ala yonga yanuyi ikhoza kudikira. Kwa inu yafika kale poti ichotsedwe. Ndipo ng'ala yokhwimitsitsa imavuta kuchotsa, nthawi zina imakweza mphamvu ya madzi m'diso n'kuwononga mtsempha woonera.

Ndisakubisireni, m'zipatala zaulere mzere ndi wautali, ndipo oyamba kuthandizidwa amakhala agogo amene sakuonanso ngakhale zala za dzanja. Zimenezo n'zoyenera. Koma inu mukanene momveka kuti ndinu dalaivala wonyamula anthu ndipo magetsi akukuthobwani. Dokotala akhoza kukuunikani ndi tochi chakumbali uku mukuwerenga tchati chija, ndipo ambiri a vuto lanuli amatsika mizere ingapo pompopompo.

Kodi opaleshoni idzakubwezerani chiyani? Mizere ya pa tchati mwina idzangowonjezekera umodzi kapena iwiri. Chachikulu n'chakuti chimene chimamwaza kuwala chidzachoka. Nyali ya galimoto idzakhala nyali pamalo ake, mdima wa m'mbali mwake n'kukhalabe mdima woti mutha kuonamo munthu. Ku Alabama, America, Cynthia Owsley ndi anzake anatsata madalaivala 277 a ng'ala, a zaka za pakati pa 55 ndi 84, ndipo mu 2002 anafalitsa zimene anapeza: ngozi pakati pa amene anachitidwa opaleshoni zinali pafupifupi theka poyerekeza ndi amene sanachitidwe. Maso a mnyamata wa zaka 20 sadzabwerera, chifukwa retina nayo imakalamba ndipo imachedwa kuzolowera mdima ikathobwa. Komanso amayamba diso limodzi, ndipo linalo lidzakhala likumwazabe kuwala mpaka nthawi yake itakwana. Usiku mudzayambirenso kuyendetsa dokotala akakuyezani n'kukulolani. Magalasi achikasu amene amagulitsa m'misika ati ndi oyendetsera usiku musataye nawo ndalama: amachepetsa kuwala kofika m'diso, ndipo woyenda pansi uja amabisika kwambiri.

FUNSO: Amayi anga a zaka 74 anachitidwa opaleshoni ya ng'ala diso lakumanja masabata awiri apitawa. Tsiku lowamasula bandeji anasangalala, anazindikira zidzukulu zonse. Koma tsopano akuti kunja kukuwala moonjeza, khoma la nyumba likuoneka labuluu, ndipo zitenje zawo akuti si mtundu umene ankaudziwa. Amangokhala m'nyumba atafunda kumutu. Achibale ena akuti diso analiwononga, ndipo akufuna kukawatengera mankhwala achikuda odontheza. Ndichite chiyani?
Mwana wawo wamkazi, Ntcheu

YANKHO: Achemwali, mankhwala achikudawo asayandikire diso limenelo, ngakhale dontho limodzi. Padisopo pali bala limene silinapole, ndipo chilichonse chodonthezedwa, kaya madzi a masamba, kaya mkaka wa m'mawere, kaya madzi a shuga, chikhoza kulowetsa tizilombo m'kati mwenimweni. Pa ntchito yangayi chimene chimandipweteka kwambiri ndi kuona diso limene linatuluka bwino m'chipinda cha opaleshoni likubwerera litachita mafinya chifukwa cha chikondi cha achibale. Mukawafotokozere mwaulemu, pakuti nawonso akufunira amayi zabwino, koma pamenepa musagonje.

Zimene amayi akuonazi n'zosiyana ndi kuthobwa kwa ng'ala. Ng'ala inkamwaza kuwala n'kubisa zinthu. Tsopano kuwala kukufika kochuluka koma zinthu zikuoneka. Kwa zaka zambiri lenzi yawo yofiirira inkatsekereza gawo lalikulu la kuwala, makamaka kwa mtundu wabuluu, ndipo ubongo unazolowera dziko lachikasu mpaka kuliyesa kuti ndi mmene lilili. Lenzi yatsopanoyo ndi yoyera, ikudutsitsa zonse zimene zinkatsekeka zija nthawi imodzi. Khoma silinasinthe, zitenje sizinasinthe. Ubongo ukufuna masabata angapo, kwa ena miyezi, kuti uzolowerenso. Yesani izi: apatseni pepala loyera aliyang'ane ndi diso limodzi, kenako linalo. Ngati lakumanzere lilinso ndi ng'ala, adzakuuzani okha kuti pepalalo likuoneka lachikasu mbali imeneyo. Achibale okayikawo akhalepo poyesapo.

Pali zinanso zoonjezera kuwawa kwa kuwala m'masabata oyamba. M'kati mwa diso mumakhala motupa pang'ono chifukwa cha opaleshoni, ndipo diso lotupa limadana ndi dzuwa. Mankhwala odontheza amene anawapatsa ndi othetsa zimenezo, choncho asadumphitse, ndipo asasiye okha poti ayamba kupeza bwino. Mbali yakutsogolo ya diso, yoonekera ija, imathanso kumwa madzi pang'ono, munthu n'kumaona mikombero kuzungulira nyali makamaka m'mawa. Zimenezi zimatha zokha.

Agulireni chipewa cha mlomo waukulu ndi magalasi akuda oteteza ku dzuwa, azituluka nawo pabwalo. Kudzitsekera mumdima tsiku lonse kumangochedwetsa kuzolowera. Kukhitchini ya nkhuni aziyamba apuma kaye, kupeta ndi kusesa pabwalo awasiyire ena, diso asalitikite, ndipo wowadontheza mankhwala azisamba m'manja ndi sopo.

Koma mvetsetsani bwino apa. Kuwala koonjeza kopanda ululu, diso likunka lionera bwino, si koopsa. Choopsa ndi ichi: diso kuyamba kupweteka kwambiri, kufiira moonjezereka, chikope kutupa, mafinya kutuluka, kapena kuona kuyamba kubwerera m'mbuyo. Zikatero musadikire tsiku limene analemba m'buku la kuchipatala. Nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale ndalama ya ulendo ikhale yobwereka, chifukwa tizilombo tikalowa m'kati mwa diso timatha kuliwononga m'masiku awiri okha. Chimodzimodzinso akayamba kuona zong'anima, timadontho takuda tambiri todzidzimukira, kapena mdima wotsekera mbali imodzi: pamenepo retina ikhoza kukhala ikumatuka.

Ndionjezepo chokulimbikitsani. Ku Nottingham, England, madokotala anatsata amayi 306 opitirira zaka 70, ndipo mu 2005 anapeza kuti kugwa kunachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa amene anachitidwa opaleshoni diso loyamba msanga. Agogo a ng'ala amagwa chifukwa m'mphepete mwa khonde ndi dothi la pabwalo zimaoneka chinthu chimodzi, muzu wa mtengo susiyana ndi njira. Kuthyoka chiuno pa zaka 74 kumagoneka munthu mpaka kalekale. Amayi anu apulumukako pang'ono, ndipo diso lachiwiri likadzachitidwa adzayamba kuzindikira bwino kutalika ndi kuya kwa pamene akuponda.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Ndinachitidwa opaleshoni mu 2021 ndipo ndinkaona bwino kwambiri. Chaka chino chifunga chayambanso, manambala a nyimbo pa bolodi la kutchalitchi sakuoneka dzuwa likalowa pawindo. Kodi ng'ala imameranso? Ndikuopa mpeni kachiwiri.
Aphunzitsi, Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo. Lenzi imene anachotsa singamerenso, ndipo yapulasitiki sichita ng'ala. Chimene ndikuchiganizira ndi ichi. Lenzi yobadwa nayo imakhala m'kathumba kopyapyala koonekera. Pa opaleshoni dokotala amatsegula kathumbako kutsogolo, amachotsa za m'kati, n'kusiya khoma lake lakumbuyo kuti ligwirizize lenzi yatsopano. Timaselo tochepa timatsalira, ndipo mwa anthu ena timaswana n'kuyala pakhomalo pakatha miyezi kapena zaka. Khoma likachita mbuu limayambanso kumwaza kuwala, n'chifukwa chake chizindikiro choyamba chimafanana ndi cha ng'ala: kuthobwa ndi dzuwa la pawindo, zilembo kufwifwa. Zimachitikira anthu ambiri ndithu, makamaka amene anachitidwa opaleshoni akadali achichepere, ndipo sikuti dokotala analakwitsa.

Mankhwala ake si mpeni. Pali makina a leza otchedwa YAG. Mumakhala pampando, amakudonthezani mankhwala otsegula mwana wa diso, mumatsamiritsa chibwano pamakina, ndipo kuwala kwa leza kumaboola kawindo pakati pa khomalo. Zimatenga mphindi zochepa, sizipweteka, mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Kwa masiku angapo mukhoza kumaona timadontho toyandama, tizidutswa ta khoma lija, ndipo timazimiririka. Kawirikawiri zimachitika kamodzi basi. Makinawa amapezeka m'zipatala zikuluzikulu za maso, choncho yambirani kwa a maso a pafupi nanu akuyezeni n'kukulemberani kalata. Akakuyezeninso mphamvu ya madzi m'diso ndi kuyang'ana retina, chifukwa pa msinkhu wanu chifunga chikhoza kukhala ndi gwero lina.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya ulonda wa usiku kuno ku Joni. Chipatala cholipira chandipatsa mwayi wosankha: lenzi wamba, kapena yodula imene akuti ndidzaona patali ndi pafupi popanda magalasi. Ndalama ndasunga. Yodulayo si ndiye yabwino?
Mlonda, Johannesburg

YANKHO: Achimwene, kudula kwa lenzi sikunena kuti ndi yoyenera munthu aliyense. Lenzi wamba imatenga kuwala konse n'kukuika pa mtunda umodzi, kawirikawiri patali. Chithunzi chake chimakhala chakuthwa, koma powerenga ndi poyang'ana foni mumafuna magalasi. Yodulayo ili ndi timikombero pankhope pake timene timagawa kuwala, kwina kwa patali, kwina kwa pafupi. Nthawi iliyonse retina imalandira chithunzi chakuthwa pamodzi ndi china chosalongosoka, ubongo n'kuphunzira kusankhapo. Mtengo wa ufulu wosavala magalasiwo ndi uwu: mikombero kuzungulira nyali usiku, ndi kuchepa pang'ono kwa mphamvu yosiyanitsa zinthu mumdima. Ambiri amazolowera ndipo amakhutira. Ena ochepa sazolowera, ndipo kuichotsa ndi opaleshoni ina yovutirapo.

Inu ntchito yanu ndi kuona munthu wovala zakuda akuyenda m'mbali mwa mpanda, magetsi akuluakulu a pageti akukuunikani. Ndikanakhala ine pamalo anu ndikanasankha lenzi wamba ndi magalasi owerengera, ndalama zotsalazo n'kusungira diso lachiwiri. Mukawauze adokotalawo za ntchito yanu musanasaine chilichonse. Ngati muli ndi shuga imene yakhudza maso kapena glaucoma, matenda owononga mtsempha woonera amene kawirikawiri amayendera limodzi ndi kukwera kwa mphamvu ya madzi m'diso, yodulayo ndiye siyenera n'komwe.

FUNSO: Patha mwezi chichitidwire opaleshoni. Ndikuona bwino, koma kumbali yakunja kwa diso kuli kamthunzi kakuda kopindika, ndipo usiku nyali ikakhala chakumbali ndimaona kamzere kowala. N'chiyani?
Mayi, Mzuzu

YANKHO: Mayi, lenzi yapulasitiki ndi yocheperapo kuposa imene munabadwa nayo, gawo lake loonera ndi pafupifupi mamilimita 6, ndipo m'mphepete mwake ndi mwakuthwa. Kuwala kochokera m'mbali kukagunda m'mphepetemo kumatha kujambula kamzere kowala kapena kusiya kamthunzi. Mwa anthu ambiri zimatha pakapita masabata kapena miyezi. Ngati kamthunziko kali pamalo amodzi ndipo sikakukula, mukangokatchula pa tsiku lanu lokaonedwa. Kakayamba kukula kapena kulowera pakati, pitani tsiku lomwelo akaone retina.

FUNSO: Bambo anga ali ndi shuga kwa zaka zoposa 15. Anawachita opaleshoni ya ng'ala miyezi inayi yapitayo. Kuthobwa ndi dzuwa kunatha, koma nsima pa mbale yoyera saiona bwino, nkhope za anthu akuti n'zofwifwa. Mnzawo amene anachitidwa tsiku limodzi akuwerenga nyuzipepala. Bambo akhumudwa kwambiri.
Mwana wawo, Mchinji

YANKHO: Achimwene, ndikumva kukhumudwa kwa bambo, makamaka poona mnzawo wa bedi loyandikana akuwerenga. Opaleshoni inachita mbali yake, umboni wake ndi kutha kwa kuthobwako. Koma kuona kumadalira zinthu zingapo zolumikizana, ndipo lenzi ndi chimodzi chabe. Shuga ya zaka 15 imafooketsa timitsempha ta magazi ta mu retina, timayamba kudontha, ndipo pakati pa retina, pamene timaonera nkhope ndi zilembo, pamatupa. Ng'ala ikakhala yokhuthala dokotala sangathe kuona kumbuyoko opaleshoni isanachitike, moti vutoli limaonekera ng'ala itachoka. Nthawi zina opaleshoni yomweyo imaonjezera kutupako mwa anthu a shuga. Glaucoma nayo imachepetsa mphamvu yosiyanitsa zinthu mwakachetechete, popanda ululu.

Choyamba, kodi anapita kukayezetsa magalasi? Ambiri sabwererako akangoona kuti diso lapola, chonsecho pakatha masabata 6 magalasi oyenera amatha kusintha zinthu kwambiri. Ngati magalasi sakuthandiza, apemphe kuti awadonthezere mankhwala otsegula mwana wa diso n'kuyang'ana retina bwinobwino. Kutupa kwa shuga kuli ndi chithandizo, cha leza kapena jakisoni wa m'diso, ndipo chimagwira bwino chikayamba msanga. Shuga ndi BP zikhale zoyezedwa pafupipafupi ndipo mankhwala ake asamadumphe, chifukwa chithandizo cha m'diso sichipita patali ziwirizi zikakhala zokwera.

Pakali pano pakhomo mukhoza kuwapeputsira moyo. Nsima muziwapakulira m'mbale yakuda kapena yofiira, tiyi m'kapu yoyera. M'mphepete mwa sitepe ya pakhonde pakani penti kapena laimu. Powerenga, nyali kapena windo likhale kumbuyo kwa phewa lawo kuti kuwala kugwere papepala osati m'maso. Popita kuchipatala musaiwale buku lawo la kuchipatala, mabotolo onse a mankhwala amene akumwa ndi amene akudontheza, ndipo mupite nawo inuyo, chifukwa akawatsegula mwana wa diso saona bwino kwa maola angapo ndipo sangakwere njinga kapena kuwoloka msewu okha.